Bango la Munthu Wamoyo

Anabwera Lachiwiri masana, mwezi wa Okutobala, chaka chimene ndalama zinasintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makwacha. Ndinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, kumunsi kwa mishoni ya Domasi, ndikupala thabwa la chitseko. Amuna awiri ovala malaya oyera anaima pamthunzi. Sananene odi.

"Ndinu amene mumakhoma mabokosi kuno?"

"Ndimakhoma zitseko ndi mipando. Mabokosi ndi pamene afunika."

"Valani nsapato. Bwana akufuna akufunseni mawu awiri okha. Mubwerako dzuwa lisanalowe."

Ndinapukuta zida zanga, puleni, sowo, sikweya ndi matchizulo, ndi kuziika m'bokosi lake. Akazi anga anali kusenda nandolo pakhonde. Anaimirira, lichero lili m'manja. Munthu wa Mulungu akanawasiyira mawu a chilimbikitso kapena pemphero. Ine mawu amene ndinawasiyira ndi awa: "Zida zangazi musabwereke munthu aliyense, pokhapokha nditanena ndine." Ndawalemba pano chifukwa adzabweranso.

Mlandu wanga unali bokosi. Masabata atatu m'mbuyomo anabweretsa mtembo wa mphunzitsi wina wa m'mudzi mwathu amene anafera m'manja mwa boma. Kunabwera mawu akuti ameneyo anali woukira, asalilidwe, aikidwe pamphasa. Mayi ake anabwera kwa ine, chifukwa ndinali mmisiri komanso mkulu wa mpingo. Ndinakhoma bokosi, ndipo kumanda ndinayambitsa nyimbo imodzi.

Kupolisi anandifunsa kuti anandituma ndani. Ndinati mayi a malemu. Anandifunsa kuti matabwa anapereka ndani. Ndinati anali anga. Mayankho amenewa sanawakonde, ndipo anandifunsa mafunso awiri omwewo masiku asanu ndi limodzi. Khutu langa lakumanzere silimva kuyambira sabata imeneyo, ndipo phewa lakumanja limandiuza mvula isanabwere. Kukhoti sindinapite. Anangondionetsa pepala losainidwa, nandikweza galimoto kupita kundende yaikulu.

Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala m'selo ndi anthu ena otsekeredwa popanda mlandu. Tikatuluka pabwalo ndinkaona phiri, ndikudziwa kuti mbali ina ya phiri lomwelo kuli kwathu. M'mwezi wa Juni, kukuzizira, kunabwera woda wina wokalamba, Myao wa cha ku Chilwa, nafunsa kuti mmisiri ndani muno. Mkaidi amene ankakhoma zinthu za ndende anali atamwalira. Kuyambira tsiku limenelo wodayo ankanditchula Fundi.

Malo ogwirira ntchito anali shedi ya malata, yotsamira khoma lakumapeto. Kuseri kwa khomalo kunali nyumba yaitali yopanda mawindo. Akaidi ankaitchula kuchigayo, ndipo palibe amene ankailoza ndi chala. Akhwangwala ankatera pamadenga onse a ndendeyo, koma ine padenga limenelo sindinaonepo mbalame.

Nditalowa m'shedimo, munthu wamtali wamano osweka anasiya tsache, nawomba m'manja mwaulemu wonyoza.

"Takulandirani, akulumpingo! Mwafika bwanji kuno kwa ife akuba? Kapena mwabwera kudzatiyendera?"

Sindinamuzindikire.

"Mwandiiwala? Puleni yanu yoyamba ija ndinatenga ndine. Tsiku limene anandigwira pa Songani munaima pakhonde la telala, munati anthu otere boma lingowanyonga, atitopetsa. Ndinali m'galimoto ya polisi, koma makutu sanandimange. Taonani lero, tavala foya mmodzi wa ukaidi."

Zinali zoona. Mawuwo ndinanenadi, ndipo anthu anandivomereza. Kukhoti ndinaperekanso umboni. Dzina lake ndikulidziwa, koma abale ake adakalipo ku Malemia, choncho ndimutchula monga ankamutchulira mawoda: Kabwerebwere. Aka kanali kachisanu ndi chimodzi kulowa m'ndendemo. Anayamba ndi nkhuku ali mnyamata, kenako mbuzi, njinga, kenako kuthyola nyumba. Tsitsi linali litayamba imvi. Zaka zonsezo ntchito yake inali kusesa ndi kunyamula matabwa. Nditamufunsa chimene anaphunzira m'ndende, anati: "Loko amene kale ndinkathyola ndi chitsulo, pano ndimatsekula ndi waya wa ambulera. Sukulu ilipo muno, akulumpingo, aphunzitsi ake ndi ife tomwe."

Sindinganame kuti ndinayamba kumuphunzitsa chifukwa cha chikondi. Phewa linkandipweteka, ndipo ndinkafuna munthu wondipalira matabwa. Ndinamuonetsa chinthu choyamba chimene mmisiri aliyense amaphunzira. Thabwa likachoka kwa ocheka limakhala lopotoka mbali zonse. Umasankha mbali imodzi, n'kuipala mpaka iwongoke, ndipo ukaiyesa ndi diso ndi sikweya n'kuona kuti yakhala bwino, umalembapo ndi pensulo kachizindikiro kopindika ngati mbedza. Miyeso yonse imayambira pamenepo. Thabwa lokhala ndi kambedza silitayidwa, ngakhale mbali zinazo zikadali zokhota.

Sabata yoyamba anawononga matabwa anayi. Yachitatu anandibweretsera thabwa, naliika pabenchi. Ndinaliyang'ana cham'mbali, ndinayendetsa sikweya, ndipo kuwala sikunadutse paliponse. Ndinamupatsa pensulo. Analemba kambedza kake pang'onopang'ono, lilime lili panja. Kanali kopendekera kumanzere, ndi kamchira kotalika. Munthuyo sankadziwa kulemba dzina lake. Chimenecho ndicho chinali cholemba chake choyamba.

Mwezi wa Ogasiti, Lolemba lina, woda wokalamba uja analowa m'shedi atanyamula mabango anayi omangidwa ndi luzi. Anawaika pabenchi.

Aliyense wa kwathu akudziwa bango lotere. Munthu akamwalira, adzukulu amadula bango kudambo n'kuyeza mtembo kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Bangolo limapita kwa mmisiri kuti adulire matabwa, kenako kumanda kukayezera dzenje, ndipo pomaliza amaligoneka m'manda pambali pa bokosi. Silibwereranso kumudzi. Munthu wamoyo sayezedwa ndi bango. Ana akasewera motero akuluakulu amawalanda n'kulithyola.

"Pepani," ndinatero. "Anayi tsiku limodzi? Amwalira liti?"

"Lachisanu," anayankha wodayo.

Ndinaganiza kuti khutu langa landinamiza. "Lachisanu lapitali?"

"Likubwerali, Fundi. Pakadali pano akudya phala." Anayang'ana kukhoma. "Paliponse muonjezerepo zala zinayi. Amatalika pachingwe."

Atachoka, Kabwerebwere anandifotokozera. Wodayo sankadziwa kuwerenga tepi, choncho ankapita kumalo a oweruzidwa kuti afe, kumene ankati kukondemu, n'kuwaimika pakhoma mmodzimmodzi, n'kudula bango. Ankawauza kuti akuyeza za foya watsopano. Onse anali anthu akumudzi, ndipo onse ankadziwa.

Ndinafuna kukana. Koma ndinakumbukira kuti chimene chinandilowetsa m'ndende ndi kukana kuti munthu aikidwe pamphasa. Ndinakhoma. Lachinayi masana kuchigayo kunamveka kugunda kolemera, ngati thumba la chimanga lagwa kuchokera padenga. Ankayesa chitseko chapansi ndi matumba a mchenga. Lachisanu m'mawa sanatitsekulire. Ndende yonse ya anthu ochuluka chotero inakhala chete, moti ndinkamva madzi akudontha pampopi wa pabwalo. Tinawerenga kugunda kuja kanayi. Kenako anatsekula, natipatsa phala. Mabango aja wophika anasonkhezera moto.

Zimenezi zinkachitika pakapita miyezi ingapo. Kabwerebwere ankapala matabwa a mabokosiwo akuseka, koma tsiku lotero sankadya.

"Langa mudzakhome la mbawa, akulumpingo," ankatero. "Paini amandiyabwa."

"Musamalankhule choncho."

"Munanena ndinu pa Songani. Ine ndikungosankha thabwa."

Chaka chitatha munthuyo ankalumikiza ngodya popanda msomali, mano a thabwa kulowana ngati zala za manja awiri opemphera. Bwana wamkulu wa ndende atafuna tebulo la mu ofesi, ndinamusiyira iye. Linali la mbawa, ndipo kunena zoona ine sindikanalikhoma bwino kuposa pamenepo. Analisisita ndi chikhatho tsiku lonse asanalole kuti alinyamule.

Pa nthawi yopuma ndinkamuuza za m'Malemba zimene ndinasunga pamtima, popeza buku anandilanda. Zambiri ankazitsutsa. Koma nkhani ya wakuba amene anapachikidwa pambali pa Ambuye anandiuza kuti ndiibwereze.

"Ameneyo analowa kangati m'ndende?"

"Sizinalembedwe."

"Ndiye kuti sanamuwerengere?"

"Sanamuwerengere."

Anatembenuza tchizulo m'manja. "Oweruza a kuno amayamba ndi kuwerenga," anatero.

Masiku ake a m'ndende anatha mwezi wa Seputembala. Lachitatu, tsiku loti mawa atuluka, anatseka chitseko cha shedi nakhala pansi, pautuchi, monga amakhalira munthu wodzapempha. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Akulumpingo, kunjaku palibe amene angandipatse ntchito, mukudziwa. Boma litulutsa manja okha, zida zitsala muno. Zanu zili kunyumba, zikungochita dzimbiri. Ndipatseni mawu oti ndikanene kwa mayi, mawu oti akadziwe kuti achokera kwa inu. Ndikabwereke puleni, sowo ndi sikweya basi. Mukadzatuluka mudzazipeza zonola."

Mawu otere ndinali nawo. Panali dzina limene ndinkawatchula akazi anga tili awiri, limene munthu wina aliyense sankalidziwa. Linafika pakamwa. Kenako ndinaona nyumba yanga, mkazi ali yekha ndi ana aakazi awiri, ndi munthu amene amatsekula loko ndi waya wa ambulera ataima pakhomo. Chaka chathunthu ndinkamutembenukira msana iye ali ndi tchizulo chakuthwa m'manja, osaopa. Koma kwathu ndinaopa.

"Yambani mwapita kwa akulu a mpingo," ndinatero. "Akakuoneni kaye miyezi ingapo. Za zida tidzaona."

Anagwedeza mutu. Sanakwiye. Anaimirira, nasasa utuchi pa foya wake.

"Mwanena bwino. Inenso ndikanakhala inu sindikanadzipatsa."

Anabweranso mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa. Ndinamva unyolo wa m'miyendo ukukwekwereza pasimenti, ndipo nditasuzumira pa mpata wa malata ndinaona msana wake wautali akumulowetsa pachipata cha kukondemu. Woda wokalamba ndiye anandiuza nkhani yake. Anathyola sitolo ya zitsulo m'tauni. Mlonda anamugwira mwendo, iye namumenya ndi chitsulo m'mutu. Mlondayo sanafe, koma mbali imodzi ya thupi inauma ndipo kulankhula kunasokonekera. Apolisi pomugwira anapeza m'thumba mwake puleni, sowo, sikweya ndi matchizulo awiri. Mawailesi ndi mabulangete amene anali m'sitolomo sanakhudze. Khoti linawerenga milandu yake yonse kuyambira pa nkhuku, niliti munthu uyu sadzasintha, anyongedwe.

Chinatsala ndi pepala lopempha chifundo, limene linkapita kwa akuluakulu a dziko pamodzi ndi mawu a bwana wa ndende. Ndinapempha kuonana ndi bwanayo. Panapita milungu itatu asanandiitane. Ndinamupeza atatsamira zigongono patebulo la mbawa lija.

"Nenani, Fundi."

"Bwana, tebulo ili anakhoma ndi munthu amene ali kukondemu."

"Ndikudziwa. Ndi tebulo labwino." Anagogoda pamwamba pake ndi chala. "Mlonda uja ali ndi ana. Pano mkazi wake akumudyetsa ndi supuni. Ndipite ndikamuuze za tebulo?"

Mpaka lero sindinapeze yankho lopepuka. Mlondayo ndimamupempherera, sanalakwe kanthu.

"Kasanu ndi kawiri," bwanayo anapitiriza. "Nthawi iliyonse chachikulu kuposa chakale. Mukufuna tidikire kachisanu ndi chitatu kuti aphe munthu? Anthu kumudzi atopa. Inuyo simunabedwepo?"

"Ndinabedwapo, bwana. Ndi yemweyo. Ndipo ndinanenapo zimene mukunenazi. Koma maulendo asanu oyamba ndende inangomusunga n'kumubweza monga analili. Ulendo umodzi wokha anapatsidwa chogwira, ndipo anachigwira. Asatuluke, bwana, mlandu wake ndi waukulu. Akhale muno moyo wake wonse, aziphunzitsa ena amene akungosesa. Chimene anakaba ndi chimene tinamumana."

"Munamumana ndani?"

"Ine, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu nomwe mulibe ngakhale tsiku lotuluka, mukuchonderera mnzanu. Ndilembapo mzere umodzi. Koma mzere wanga ndi waufupi, mndandanda wake ndi wautali. Pitani."

Kuyambira pamenepo ndinkadikira mabango. Mwezi wa Meyi anabwera awiri. Ndinawaimika pambali panga, onse anali ofika m'khutu langa. Kabwerebwere ankandipitirira ndi mutu wonse. Ndinayamika Mulungu, kenako ndinachita manyazi, chifukwa awiriwonso anali ana a anthu. Mwezi wa Ogasiti anabwera atatu, onse aafupi. Ndinayamba kukhulupirira kuti mzere uja wagwira ntchito. Ndinasala kudya Lachitatu lililonse. Ndinakumbutsa Ambuye kuti Iwo sathyola bango lophwanyika, ngati kuti angaiwale.

Lolemba lina la Novembala, kukutentha, mitambo itaunjikana paphiri koma osagwetsa mvula, woda wokalamba analowa ndi mabango atatu. Sanawaike pabenchi monga mwa masiku onse. Anasolola limodzi nandipatsa m'manja. Linali lalitali.

"Ameneyu anapempha kuti aligwire yekha," anatero. "Sitilola, koma ndinamupatsa. Wati mudziwa nokha."

Ndinalitembenuza. Chapakati, pa khungu losalala la bango, panali pokandidwa ndi chikhadabo, mobwerezabwereza mpaka kuzama. Kanali kambedza kopendekera kumanzere, ka mchira wautali.

Ndinakhala pansi. Wodayo anaima pakhomo atandifulatira, ngati akuyang'ana nyengo.

"Zala zinayi, Fundi," anatero motsitsa mawu, nachoka.

Mbawa panalibe, kupatula chidutswa chimene chinatsala pa tebulo lija. Ndinachiika kumutu. Kwina konse anali paini. Misomali sindinagwiritse pangodya. Ndinalumikiza monga ankakondera iye, ngakhale zinanditengera masiku awiri ndipo woda wina anandikalipira kuti ndikukongoletsa chinthu chopita kudothi. Mkati mwa chivundikiro ndinalembamo kambedza kanga.

Lachinayi masana anayesa matumba a mchenga. Lachisanu m'mawa sanatitsekulire. Mpopi unkadontha. Kunamveka katatu. Sindikudziwa kuti kake kanali kachingati.

Mitembo ya onyongedwa sinkapita kwawo. Akaidi ena ankaikwirira kumalo a ndende, popanda chizindikiro. Wophika atabwera kudzatenga mabango ndinamupatsa awiri. Lachitatulo ndinali nditalisomeka pamwamba, pakati pa mtanda wa denga ndi malata.

Masana mphepo ikamachokera kuphiri inkalowa m'bangomo, ndipo linkalira motsitsa, mawu amodzi otalika. Akaidi awiri amene anandipatsa kuti azindithandiza anakana kukhala mbali imeneyo ya shedi. Ine sindikhulupirira kuti akufa amaimba mluzu. Ali m'manja mwa Mulungu. Komabe tsiku lina ndinakwera pabenchi ndi kutseka mbali zonse ziwiri ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Awiriwo ndinawaphunzitsa kupala thabwa. Mmodzi anaphunzira, winayo ayi.

Ananditulutsa chaka chotsatira, Loweruka lina la Julayi. Chifukwa chake sanandiuze, monganso sanandiuze tsiku londitenga. Anangoti, "Tenga zako zonse." Zanga zinali malaya amene ndinabwera nawo, amene tsopano ankandikulira, ndi bango. Pachipata panali woda wokalamba uja.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndodo, bwana. Mwendo ukundivuta."

Analiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, pamene linapitirira mutu wanga. Anatsekula chipata.

"Yendani bwino, Fundi. Musaitsamire kwambiri."

M'basi anthu anandisiyira mpando wonse. Nditatsika pa Songani mayi wina wogulitsa tomato anaika dzanja pachifuwa nandifunsa, "Zovuta zili kuti, bambo?" Ndinati ku Malemia. Ndinadutsa pakhonde la telala lija. Makina ankasokabe.

Za kufika kwanga pakhomo sindilemba zambiri; ana anali atakula, ndipo wamng'ono anandipatsa moni wa mlendo. Bango ndinalisiya kunja kwa mpanda. Titakhala pansi, akazi anga anakoka bokosi la zida kuchokera kunsi kwa bedi. Anali atalikulunga ndi chiguduli.

"Zili momwe munazisiyira," anatero. "Ambiri anabwera kudzabwereka, ndinakana. Kunabweranso wina wamtali, wamano osweka, chaka chijachi mvula isanayambe. Anakhala pansi patali, uko kumango. Anati munali limodzi, muli bwino, phewa lokha. Kenako anapempha puleni ndi sowo."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinamufunsa kuti, kodi bambo akupatsani mawu? Ndinali wokonzeka kumupatsa akanangoti eya, chifukwa ankakudziwani bwino, mpaka nyimbo imene mumaimba popala. Koma anati, ayi mayi, sanandipatse. Ndinamupatsa madzi. Anatenga thabwa la chitseko lija munalisiya, analiyang'ana cham'mbali, anati mbali iyi anamaliza, ndipo analibweza pamalo pake. Anali ndani?"

Ndinatsekula bokosilo. Mpeni wa puleni unali wofiira ndi dzimbiri.

Lachiwiri lotsatira ndinapita ku Malemia ndi bango. Mayi a Kabwerebwere anali atamwalira kale. Ndinapeza mlongo wake akupuntha mpunga. Uthenga wa imfa anaumva kwa anthu, koma maliro sanalire, chifukwa panalibe choika, ndiponso anthu ankati wakuba wonyongedwa salilidwa. Ndinamuuza zonse, ndi za mawu amene ndinakana kupereka. Anamvetsera osandiyang'ana. Kenako anatenga bangolo, naliimika pambali pake, nakweza maso kufikira kunsonga.

"Ndi yemweyo," anatero. "Pachitseko ichi ankawerama."

Adzukulu anayamba akana, kenako mmodzi wachikulire anati bango loyeza munthu silingakhale pamudzi, liyenera kupita kumene limapita. Anakumba dzenje lautali wake wonse, pambali pa manda a mayi ake. Mlongo wakeyo analikulunga m'chitenje. Tinalipo anthu asanu ndi anayi. Ndinayambitsa nyimbo yomwe ija imene inandimangitsa, ndipo nthawi ino palibe amene anabwera kudzanditenga.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji nditatuluka. Unakoma. Kutsekula chitseko ndi dzanja lako, kupita kuchimbudzi osapempha, kumva Lachisanu m'mawa ana akusokosera popita kusukulu, zonsezi ndimayamika nazo Mulungu mpaka lero. Koma ndikudziwa munthu amene anatulutsidwa pachipata chomwecho kasanu ndi kamodzi, ndipo sanakhalepo mfulu, chifukwa kunja kunalibe amene anamutsekulira. Chipata chomaliza chinali changa, ndipo kiyi wake anali liwu limodzi.

Zida zija ndinazinola. Kuyambira chaka chimenecho, pansi pa mango pamakhala munthu mmodzi kapena awiri ochokera kundende. Wina anandithawira ndi sowo, sindibisa. Ena ali ndi mabenchi awo pa Songani ndi ku Namwera. Amene wamaliza kuphunzira amachoka ndi puleni m'manja.

Pa Songani wakuba akagwidwa, anthu amanenabe zimene ndinanena ine pakhonde la telala. Sindikangana nawo, chifukwa ambiri abedwadi, ndipo ena anavulazidwa ngati mlonda uja. Ndimangowapempha kuti amene akufunitsitsa atsikire kudambo akadule bango yekha, abwere amuimike munthuyo pakhoma akupuma, amuyeze akumuyang'ana m'maso. Kufikira lero palibe amene anapita kukadula.